Tchizi m'mbale ya khanda: malangizo kwa makolo achinyamata a m'maesiteti a tiyi ku Thyolo

Tchizi ndi mkaka umene wachotsedwa madzi n'kutsala zolimba zake zokha. Opanga amathira mu mkakamo tizilombo tabwino touwawasitsa, monga zimachitikira popanga chambiko, kenako amaonjezeramo reneti, mankhwala amene kuyambira kale ankachokera m'chifu cha mwana wa ng'ombe, kuti mkakawo ugwirane. Zogwiranazo amazidula, kuzifinya, kuzithira mchere, n'kuzisunga miyezi ingapo mpaka zitalimba. Kuti patuluke kilogalamu imodzi ya tchizi cholimba pamalowa malita pafupifupi 10 a mkaka, ndipo apa ndi pamene pagona kukwera mtengo kwake. Mitundu imene imapezeka kawirikawiri m'masitolo akuluakulu a ku Limbe ndi ku Blantyre ndi Cheddar, imene inatenga dzina la mudzi wina wa ku Somerset m'dziko la England, ndi Gouda, yotchedwa dzina la tawuni ya ku Netherlands.

Kwa Alomwe ndi Amang'anja a ku Thyolo chakudyachi n'chachilendo, ndipo agogo ambiri a m'makomboni a Satemwa, Conforzi, Naming'omba, Makandi ndi Makwasa analera ana awo onse osachilawa n'komwe. Masiku ano chimalowa m'nyumba mwa njira zosiyanasiyana. Wina ndi khukhi kunyumba ya bwana wa esiteti kapena kumalo ogona alendo ndipo wapatsidwa chotsala, wina wam'bweretsera m'bale wake wochokera ku Joni, wina ndi kalaliki wa kufakitale amene wagula kachidutswa pa tsiku la malipiro. Chodabwitsa n'chakuti Thyolo yemweyo ndi dziko la mkaka. M'mawa uliwonse njinga zimatsika ndi zigubu kupita kumalo oziziritsira mkaka a magulu a alimi ku Bvumbwe ndi madera ena, pansi pa bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association, ndipo mkaka wambiri umapitirira kumafakitale a m'tawuni. Ana ndi adzukulu a agogo aja amene angoyamba kulera amafunsa ngati khanda lingadye tchizi. Lingathe kudya likakwana miyezi 6, koma pali zoti zitsatidwe, ndipo zambiri mwa izo zimagwiranso ntchito pa zakudya zina zonse zolowa m'kamwa mwa mwana. Safunsa anadya phula.

Choyamba ndi nthawi. Unduna wa Zaumoyo, mogwirizana ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, umalangiza kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 yoyambirira, popanda madzi, tiyi, phala kapena mankhwala azitsamba, kenako kupitiriza bere pamodzi ndi zakudya zina mpaka mwana atakwana zaka 2 kapena kupitirira. Lamuloli ndi lomwelo kwa mayi amene akumwa ma ARV. Kuyambira mu 2011 dziko la Malawi linayamba kupereka mankhwalawa moyo wonse kwa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa amene ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo mayi womwa mankhwala ake mokhulupirika amayamwitsa ngati mnzake aliyense.

Kunena n'kosavuta, koma moyo wa paesiteti umakankha makolo kuti athamange. Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata 8, ndipo ambiri amabwerera kumunda khanda lisanakwane miyezi 3. Tiyi amaphukira kwambiri m'nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, nthawi imenenso chimanga chatha m'nkhokwe, choncho wotchola tiyi safuna kuphonya tsiku. Mwana amatsala ndi agogo ake kapena ndi kamtsikana kolera. Akalira kwambiri mawu amene amamveka ndi omwe aja: "Apongozi, mwanayu bere lokha silikumukwana, timupatse kaphala." Agogo amanena mwachifundo, pakuti palibe amene amapirira kulira kwa mdzukulu. Koma matumbo a khanda la miyezi 3 sanakhwime, ndipo phala likadzaza kamimba kake mwana amayamwa pang'ono, mkaka wa mayi n'kuyamba kuchepadi. Njira imene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa ndi yofinyira mkaka wa m'mawere m'kapu yoyera yovundikira, kuusiya pamalo pozizira, kuti wolera amumwetse maola angapo otsatira, ndipo mayi ayamwitse mokwanira m'mawa, madzulo ndi usiku. Ngati phala lenilenilo liyenera kudikira, tchizi ndiye chiyenera kudikira koposa.

Miyezi 6 ikakwana, thupi la mwana limaonetsa lokha kuti lakonzeka. Amakhala tsonga mutu uli chilili osagwedezeka, amaona chinthu n'kuchitola kupita nacho kukamwa, ndipo akapatsidwa supuni amameza m'malo mokankhira kunja ndi lilime. Mano si chizindikiro. Ana ena amamera dzino pa miyezi 4, ena amafika chaka ali ndi nkhama zokhazokha koma akudya bwinobwino. Mwana wobadwa masiku asanakwane ayenera kuonedwa kusikelo asanayambe kudya.

Tchizi sichikhala choyambira. M'mera mpoyamba, ndipo poyambira pake ndi phala la mgaiwa lolimbirako, losayenderera likakhala pasupuni. Phala lamadzimadzi la ufa woyera limadzaza mimba popanda kumanga thupi. Pa miyezi 6 mpaka 8 mwana amadya kawiri kapena katatu patsiku, kuyambira masupuni aakulu 2 kapena 3 n'kumaonjezera mpaka theka la kapu. Pa miyezi 9 mpaka 11 amadya katatu kapena kanayi. M'phalamo mumalowa zakudya za m'magulu 6 amene amaphunzitsidwa kusikelo: zokhutitsa, zochokera ku nyama, za mtundu wa nyemba, zamasamba, zipatso ndi mafuta. Thyolo sasowa zimenezi. Mapeyala, nthochi, mapapaya, nandolo, mbatata yofiira m'kati, nkhwani ndi bonongwe zimapezeka pafupi, ndipo msika wa Bvumbwe umadyetsa ndi mzinda wa Blantyre womwe. Komabe kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi anali opinimbira, ndipo china mwa zifukwa zake ndi mbale ya mwana imene imakhala ndi chakudya chamtundu umodzi tsiku ndi tsiku. Tchizi chili m'gulu la zochokera ku nyama, limodzi ndi mazira, nsomba, chiwindi ndi mkaka, ndipo chimabwera mwana atazolowera kale kumeza phala ndi zakudya zingapo zofewa.

Ubwino wake ndi woona. Pa magalamu 100 a Cheddar, pafupifupi magalamu 25 ndi zomanga thupi, gawo limodzi mwa magawo atatu ndi mafuta, ndipo muli mamiligalamu pafupifupi 700 a kashiamu, mchere womanga mafupa ndi mano. Mafutawo si oopa kwa khanda, chifukwa mimba yake ndi yaing'ono ndipo imafuna chakudya chopatsa mphamvu zambiri pa supuni imodzi. Tchizi cholembedwa kuti n'chochotsedwa mafuta ndi cha akuluakulu onenepa, si cha mwana. Shuga wa mu mkaka, amene amatsegula m'mimba anthu ena akamwa mkaka wambiri, amakhala atatha pafupifupi yense m'tchizi cholimba chokhalitsa.

Chimene tchizi chilibe ndi ayironi, mchere wopanga magazi. Mwana amabadwa ndi nkhokwe yake ya ayironi imene imayamba kutha pa miyezi ngati 6, ndipo mkaka wa ng'ombe ndi zonse zopangidwa kuchokera ku mkakawo sizibwezeretsa nkhokweyo. Zoibwezeretsa ndi chiwindi cha nkhuku chophika bwino n'kuchipota, nyama yosinja, usipa kapena matemba osinja n'kusefa, nyemba ndi nandolo zochotsa makoko, ndi masamba obiriwira. Apa mpamene pali vuto la kwawo kwa tiyi. M'nyumba za paesiteti ketulo siizizira, ndipo n'chizolowezi kuti khanda lili pamiyendo lilawitsidwe tiyi wa amake ndi supuni, kapena kumizidwira buledi m'tiyi. M'masamba a tiyi muli tanini, amene amagwira ayironi wa m'zakudya m'matumbo kuti asalowe m'magazi. Mwana wa dera la malungo, amene magazi ake ali kale pa chiopsezo, akamamwa tiyi pa chakudya chilichonse amayera m'manja ndi m'zikope. Tiyi amalipira sukulu ndi kugula ufa, koma khanda chakumwa chake ndi bere ndi madzi owiritsa kapena othira mankhwala, a m'kapu.

Posankha tchizi cha mwana, diso lipite pa pepala lokutira. Mawu ofunika kuwapeza ndi akuti pasteurised, kutanthauza kuti mkakawo unatenthedwa kuti tizilombo toyambitsa matenda tife. Njirayi inatenga dzina la Louis Pasteur wa ku France, ndipo m'mafakitale mkaka umatenthedwa kufika madigiri 72 kwa masekondi 15. Mkaka wosatenthetsa ungathe kunyamula chifuwa chachikulu cha ng'ombe, matenda a brucellosis amene amapoloza ng'ombe, ndi kachilombo kotchedwa listeria. Kachilombo komalizaka n'kouma mutu chifukwa kamaswana ngakhale m'firiji. Amene anali ku Joni mu 2017 ndi 2018 akukumbukira mliri wake, umene unadzera m'polone, unadwalitsa anthu oposa 1,000 ndi kupha oposa 200, ndipo mwa iwo munali makanda ambiri ongobadwa kumene. Listeria imakonda tchizi chofewa chonyowa, makamaka cha khungu loyera la nkhungu monga Brie ndi Camembert, ndi chija cha mizere yobiriwira m'kati. Zimenezi zimapezeka patebulo la alendo, ndipo khukhi wobwera nazo kunyumba asazipereke kwa khanda kapena kwa mkazi woyembekezera. Tchizi cholimba chimakhala ndi madzi ochepa, choncho tizilombo sitipezamo malo abwino.

Mabanja amene ali ndi ng'ombe yamkaka pakhomo atsate zomwezo. Mkaka wongokama kumene, ngakhale uoneke woyera bwanji, uwire kaye usanalowe m'phala la mwana, ndipo chambiko chopangira kunyumba chichokere ku mkaka wowiritsa, m'chiwiya chotsuka bwino. Mkaka wa ng'ombe ndi wabwino kuphikira phala kuyambira miyezi 6, koma usalande malo a bere. Zimamvetsa chisoni kuona banja likugulitsa mkaka wonse mpaka dontho lomaliza, n'kubwera kuchokera kumsika ndi timapaketi ta zokhwasulakhwasula ta mwana. Kapu imodzi yotsalira panyumba ikanachita zambiri kuposa ndalama imene yabweretsa.

Timapaketi timeneti tiyenera kutchulidwa chifukwa tina timalembedwa kuti tili ndi kakomedwe ka tchizi, ndipo makolo ena amaganiza kuti mwana wadya tchizi. M'katimo muli ufa wa chimanga wofufumitsa, mafuta, mchere wambiri ndi utoto umene umatsalira kuzala. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Majarini nawonso si tchizi, ndi mafuta a mbewu. Ufa woyeretsa tiyi si mkaka, ndipo mwana woleredwa ndi ufa umenewo amanyentchera. Tchizi chopyapyala chokutidwa chimodzichimodzi m'pulasitiki chimakhala chosungunula n'kusakaniza ndi zinthu zina, ndipo nthawi zambiri mchere wake umaposa wa tchizi chenicheni.

Mchere ndiwo umaika malire a kuchuluka kwa tchizi chimene khanda lingadye. Impso za mwana wosakwana chaka sizitha kutulutsa mchere wambiri, ndipo madokotala amati asafike galamu imodzi patsiku, kuphatikiza umene uli kale mu mkaka wa m'mawere ndi m'zakudya zina. Wa chaka chimodzi mpaka zaka 3 asapitirire magalamu 2. Pa magalamu 100 a Cheddar pamakhala mchere wa magalamu pafupifupi 1.8, kutanthauza kuti kachidutswa kofanana ndi bokosi la machesi, ka magalamu ngati 30, kamatha theka la mlingo wa khanda wa tsiku lonse. Choncho muyeso woyenera ndi supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri za tchizi chopala, osatinso tsiku lililonse. Tsiku limene mwana wadya tchizi, phala lake lisathiridwe mchere, ndipo ndiwo zake zipatulidwe mu mphika mchere usanalowe. Tchizi cha mtundu wa Parmesan ndi Feta, ndi chilichonse chimene chikuwawa mchere palilime la munthu wamkulu, chidikire mwana akule. Cheddar ndi Gouda zosakhalitsa, zosaluma pakamwa, ndizo ana amazilandira mosavuta.

Ngozi yaikulu koposa zonse, imene imatenga mwana wathanzi m'mphindi zochepa, ndi kutsamwa. Njira ya mpweya ya khanda ndi yopapatiza kwambiri, ndipo mano akutsogolo amangodula, sapera. Mano a chibwano oyamba amatuluka mwana atapitirira chaka, ndipo luso lotafuna bwino limakhwima pa zaka 3 kapena 4. Tchizi cholimba chikadulidwa timabokosi, monga amachitira pokonzera alendo, chimakhala cha msinkhu wotseka pakhosi ndendende, ndipo sichisungunuka ndi malovu. Kadulidwe kameneka n'koletsedwa kwa khanda.

Njira yabwino kwa mwana wa miyezi 6 mpaka 8 ndi yopala. Mayi asambe m'manja ndi sopo, atenge chopalira karoti chija ambiri amati gireta, apale tchizi kumbali ya timabowo ting'onoting'ono. Popanda gireta, mpeni wakuthwa umapala bwino ukagonekedwa, n'kutulutsa tizidutswa topyapyala toonekera kuwala, timene amatinyenyanso ndi zala. Phala likapsa n'kuphulidwa, lidakali kutuluka nthunzi, amawaza supuni imodziyo n'kutakasa mpaka tchizi chitasowa m'phalamo, kungotsala kafungo ndi kunyezimira kwa mafuta. Kenako amadontheza pang'ono kuseri kwa dzanja kuti amve kutentha. Kutakasaku n'kofunika, pakuti tchizi chosungunuka chikakhala pamalo amodzi chimanyunduka ngati ulimbo, ndipo chikazizira chimaumbika n'kukhala chibuma chimene mwana sangachimeze kapena kuchilavula. Mbatata yopota, maungu, dzira lokazinga lopsa bwino ndi nsima yofewa yopotera m'msuzi zimalandiranso tchizi chopala mwa njira yomweyo. Pa miyezi ngati 9, mwana akayamba kutola tinthu ndi chala chachikulu ndi cholozera, angapatsidwe tchizi chopala chomwazika m'mbale, pang'onopang'ono kuti asakute chodzaza dzanja, kapena kachidutswa kotambalala koma kopyapyala kwambiri.

Kakhalidwe ka mwana pakudya n'kofunika mofanana ndi kadulidwe. Adye ali tsonga, pamiyendo kapena pamphasa, munthu wamkulu akumuyang'ana kumaso. Asadye ali chagada, akukwawa, akulira, akuseka kapena akuodzera, ndipo chizolowezi chakale chomugoneka n'kumutsanulira phala m'kamwa akukana chiyenera kutha. Choopsa china chimaoneka m'njira za m'minda ya tiyi ndi m'maminibasi opita ku Limbe: mwana ali kumbuyo pachitenje, walira, mayi akum'patsira kanthu kudzera paphewa osamuona. Mwana wotsamwa kwenikweni satulutsa mawu, choncho mayi amayenda mtunda akuganiza kuti wagona. Kamtsikana ka zaka 8 kolera mng'ono wake sikangazindikire zimenezi, ndipo zakudya zolimba zisasiyidwe m'manja mwake. Thyolo alinso ndi msampha wakewake. Maesiteti angapo amalima makadamiya, mtedza wozungulira, wolimba ndi woterera, umene ana okulirapo amatola n'kugawira makanda. Makadamiya, mtedza wokazinga, chimanga chokazinga, mbuliwuli ndi maswiti olimba si za mwana wosakwana zaka 5. Mtedza umalowa m'mbale yake ngati nsinjiro zosefa, zochokera ku mtedza wosankha bwino wopanda chuku.

Makolo atsopano ayenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene zimafanana pamaso. Mwana wophunzira kudya nthawi zambiri amachita ngati akufuna kusanza: amafiira nkhope, amatulutsa lilime, amakhosomola mwamphamvu, misozi n'kulengeza. Pamenepo thupi likudziteteza lokha, ndipo chofunika n'kudekha, kumusiya akhosomole, osamulowetsa chala m'kamwa chifukwa chalacho chingakankhire chakudya m'kati. Kutsamwa kwenikweni kumakhala chete. Mwana sakulira, sakukhosomola, sakupuma, maso ali tong'o, milomo ndi nkhama zikusanduka zotuwa kapena zobiriwira.

Zikatero palibe nthawi yothamangira kwa kapitawo kukapempha galimoto. Wamkulu amene ali pomwepo aitane anthu mokuwa uku akuyamba yekha. Kwa mwana wosakwana chaka, amugoneke chafufumimba pamkono wake wotsamira pantchafu, mutu uli m'munsi kuposa thupi, dzanja litagwira chibwano. Ndi m'munsi mwa chikhatho cha dzanja linalo amumenye mwamphamvu pakati pa mapewa kufikira kasanu, akuona pakumenya kulikonse ngati chinthucho chatuluka. Chikapanda kutuluka, amutembenuze chagada mutu udakali m'munsi, aike zala ziwiri pakati pa chifuwa m'munsi pang'ono mwa mzere wa mawere, akankhe mwamphamvu kufikira kasanu. Azisinthanitsa ziwirizi mpaka mwana atalira. Khanda salifinya pamimba monga amachitira ndi munthu wamkulu, salimwetsa madzi, ndiponso saligwira miyendo n'kulizondotsa. Chotsekacho chichotsedwe ndi zala pokhapokha chikuoneka poyera m'kamwa. Ngakhale chitatuluka, mwana amene wakankhidwa pachifuwa akaonedwe kukiliniki ya paesiteti, kuchipatala chachikulu cha paboma kapena kuchipatala cha Malamulo. Luso limeneli limagwira bwino munthu akalionera ndi maso, ndipo anamwino ndi alangizi a zaumoyo angathe kulionetsa pa chidole tsiku la sikelo. Abambo, agogo ndi aliyense wotsala ndi mwana ayenera kuliphunzira, pakuti chakudza sichiimba ng'oma.

Nkhani ina ndi ya thupi lokana mkaka. Ana owerengeka matupi awo amadana ndi zomanga thupi za mu mkaka wa ng'ombe, ndipo tchizi chili nazo zambiri. Kwa ena zizindikiro zimabwera msanga, pasanathe maola 2: ziwengo zotupa zoyabwa, kutupa milomo ndi zikope, kusanza mobwereza. Kwa ena zimachedwa mpaka masiku 2 kapena 3, ndipo zimaoneka ngati khungu lokakala loyabwa, kutsegula m'mimba kosatha kapena timizere ta magazi m'chimbudzi. N'chifukwa chake tsiku loyamba mwana amangolawa kansonga ka supuni, m'mawa, kunyumba, tsiku limene kholo lili pakhomo monga Lamulungu, ali bwinobwino, ndipo tsikulo sapatsidwa chakudya china chatsopano. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakapita masiku angapo popanda chovuta, muyeso ungakwere. Mwana akayamba kupuma movutikira, kulira mosasa mawu, kutupa lilime kapena kulefuka, apite naye kuchipatala nthawi yomweyo osayamba adikira kuti kuche, ndipo osayamba apita kukafunsira kwina. Mwana wokana mkaka wa ng'ombe kawirikawiri amakananso wa mbuzi, ndipo kuwiritsa sikuthetsa vutoli. Amene ali kale ndi vuto lalikulu la khungu, kapena anayamba wadwalapo atamwa mkaka wa m'chitini, makolo ake afunse kuchipatala asanamulawitse.

Banja limene silingakwanitse kugula tchizi lisadzione ngati likumana mwana kanthu. Dzira limodzi, usipa wosinja ndi minga yake yomwe, chambiko cha mkaka wowiritsa chopanda shuga, nsinjiro ndi peyala zimapereka zomanga thupi, kashiamu ndi mafuta pa mtengo wotsika kwambiri. Ndalama ya kachidutswa kamodzi ka tchizi ingagule mazira odyetsa mwana masiku ambiri, ndipo kumene ndalama ikuchepa mazira ndiwo ayenera kupambana. Nsomba zouma zothira mchere ziviikidwe m'madzi n'kutsukidwa zisanasinjidwe.

Chotsala ndi kasungidwe. Tchizi chimafuna firiji, ndipo nyumba zambiri za m'makomboni zilibe, pamene zina zili nayo koma magetsi amazimazima. Tchizi cholimba chimapirira kutentha kuposa chofewa, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikaphimba phiri la Thyolo, chingathe kukhala tsiku limodzi kapena awiri pamalo ozizira chitakutidwa bwino. M'chilimwe cha Okutobala ndi Novembala chimatuluka mafuta n'kuyamba kununkha msanga. Wopanda firiji agule kochepa, mwana adye tsiku lomwe paketi yatsegulidwa, chotsala adye akuluakulu. Chimene chayenda masiku pabasi kuchokera ku Johannesburg chili m'chikwama chotentha, chimene tsiku lake lolembedwa papaketi lapitirira, ndi chimene chinakhala patebulo la alendo anthu akuchigwiragwira, sichiyenera khanda. Munthu wamkulu angathe kudula mbali ya nkhungu pa tchizi cholimba n'kudya kwinako, koma mwana sapatsidwa chidutswa chimene chayamba nkhungu. Mpeni, gireta ndi thabwa lodulirapo zitsukidwe ndi sopo, makamaka ngati zinakhudza nyama kapena nsomba yaiwisi, ndipo tchizi chipalidwe nthawi yomwe chikufunika, osati kupaliratu cha mawa. Phala lothira tchizi kapena mkaka limaonongeka msanga kuposa la madzi okha, makamaka m'nyengo ya mvula pamene matenda otsegula m'mimba ndi kolera amafala. Limene mwana wasiya m'mbale lisasungidwe kuti adzadye madzulo, ndipo limene mayi wasiyira wolera popita kumunda likhale lopanda tchizi, lovundikira, ndipo litenthedwenso mpaka kubwadamuka lisanaperekedwe ngati lakhala maola oposa 2.